Ndodo Yolowa M'chikwama: Chida Choyamba cha Wotsogolera Alendo Owedza

M'mapiri a ku Lesotho, ku Nyanga ndi m'mbali mwa Zambezi, alendo amalipira ndalama kuti agwire nsomba n'kuibwezeranso m'madzi. Midzi yofuna kupindula ndi ntchito imeneyi imayamba ndi funso limodzi: pa ndalama zochepa zimene zilipo, igulidwe ndodo yotani?

Aliyense amene adakwerapo minibasi yodzaza atanyamula khasu latsopano kapena mtolo wa nzimbe amadziwa vuto la katundu wamtali. Kondakitala amamukankhira pansi pa mipando, wina amamuponda, chitseko nacho chimamupana. Khasu ndi nzimbe zimapirira zonsezi. Koma ndodo yowedzera ndi nyambo ya nthenga siipirira. Nsonga yake ndi yopyapyala ngati phesi la udzu, ndipo ikangothyoka, ulendo wathera pomwepo.

Kwa mlendo wochokera ku Johannesburg kapena ku London, ndodo yothyoka ndi chokhumudwitsa cha tsiku limodzi chabe, pakuti m'galimoto mumakhala ina. Koma kwa gulu la achinyamata limene lasonkha ndalama za masamba a kudimba, kapena latenga ngongole ku banki ya m'mudzi kuti mmodzi wa iwo aphunzire kutsogolera alendo kumtsinje, ndodo yothyoka ndi thukuta la chaka chonse lotayikira m'madzi. Masitolo ogulitsa zida zoterezi ndi owerengeka m'chigawo chino cha Africa, ndipo ambiri ali ku South Africa. Choncho kulakwitsa pogula n'kodula kuposa ndodoyo.

Cholemera ndi chingwe, osati nyambo

Msodzi wa kumudzi akamaponya mbedza amadalira kulemera kwa nyongolotsi ndi kamtovu kapena kamwala komangirira pachingwe. Pa kawedzedwe kamene pa Chingerezi amati fly fishing, zinthu zimatembenuka. Nyambo yake ndi mbedza yaing'ono yokulungidwa ndi ulusi, nthenga ndi ubweya kuti ifanane ndi kachirombo kapena kansomba. Ndi yopepuka kwambiri moti munthu ataiponya ndi dzanja ingagwere pamapazi ake pomwepo. Cholemera ndi chingwe, chimene chimakhala chonenepa, chokutidwa ndi pulasitiki, ndipo chimatalika mamita 27 mpaka 30. Wowedza amakupiza ndodo kumbuyo ndi kutsogolo, ndodoyo imapindika ngati uta, ndipo powongoka imatumiza chingwe chimene chimanyamula nyambo n'kukaitera pamadzi mwakachetechete.

Nzeru yake si yachilendo kwa anthu okhala m'mbali mwa madzi. Amene adaonapo nsomba zikulimbirana ngumbi zogwera m'dziwe mvula yoyamba ikagwa, kapena zikutola nkhungu pa Nyanja ya Malawi, akudziwa kale kuti nsomba imayang'ana kumwamba ikamafuna chakudya. Chachilendo ndi chida chokha.

Kodi mlimi zikumukhudza bwanji?

Kawedzedwe kameneka kadafika kuno ndi atsamunda, amene adabweretsanso nsomba ya trout. Nsombayi imafuna madzi ozizira ndi oyera, ndipo imayamba kuvutika madzi akatentha kupitirira madigiri 20. N'chifukwa chake idakhazikika m'mapiri mokha. Ku Malawi idaikidwa pa phiri la Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo pambuyo pake idafikanso m'mitsinje ya ku Mulanje ndi m'madamu a ku Chelinda pa Nyika. Ku Zimbabwe, dera la Nyanga lidatchuka ndi madamu ake ndi mitsinje monga Pungwe ndi Nyangombe. Ku South Africa, tauni ya Dullstroom idakula kwambiri chifukwa cha alendo odzawedza trout.

Kwa nthawi yaitali awa adali masewera a anthu ochepa achuma. Koma pali malo pamene eni nthaka adapeza njira yopindulira nawo. M'chaka cha 1991, ku Rhodes m'chigawo cha Eastern Cape, kudakhazikitsidwa bungwe la Wild Trout Association, limene limagwirizanitsa alimi okhala ndi minda m'mbali mwa mitsinje ndi anthu ofuna kuwedza. Mlendo amagula chilolezo cha tsiku limodzi, amapatsidwa chigawo chake cha mtsinje, ndipo gawo la ndalamazo limapita kwa mwini malo. Mlimi sagulitsa mbuzi kapena chimanga; amangosunga mtsinje kuti ukhale wamoyo.

Ku Lesotho, pa mtsinje wa Bokong umene umathira m'damu la Katse, anthu a ku Makhangoa ali ndi msasa wa alendo umene amayendetsa mogwirizana ndi kampani yotsogolera owedza. Nsomba yokopa alendo kumeneko m'nyengo yotentha ndi yellowfish, nsomba ya komweko imene imakwera mtsinje kuchokera kudamu. Anthu a m'mudzi amagwira ntchito pamsasa, amabwereketsa akavalo, ena amalondera mtsinje, ndipo ndalama zina zimapita kuthumba la chitukuko cha mudzi. Nsomba iliyonse yogwidwa imabwezedwa m'madzi, kotero nsomba imodzi ikhoza kubweretsa ndalama kangapo.

Kumadera otentha kuli nsomba ina yokopa alendo kuposa zonse: tigerfish, ya mano ngati misomali, imene anthu ambiri a m'mbali mwa Zambezi amaitcha mcheni. Imapezeka ku Kariba, ku Cahora Bassa, mu Zambezi monse ndi kumunsi kwa Shire. Malo ogona alendo m'madera amenewa amafuna anyamata ndi atsikana odziwa madzi. Wodziwa madzi amene amathanso kuponya nyambo ya nthenga, kumanga mfundo ndi kuphunzitsa mlendo wosazolowera, amakhala patsogolo pa anzake pofunafuna ntchito. Luso limeneli silibwera pongoonerera. Limafuna ndodo ya m'manja tsiku ndi tsiku.

Nsomba kaye, ndodo pambuyo

Pafupi ndi chigwiriro cha ndodo iliyonse pamalembedwa manambala. Yoyamba imanena kutalika, kawirikawiri m'mafiti. Ndodo zambiri zimakhala mafiti 9, omwe ndi mamita 2.74. Nambala yachiwiri ndiyo yofunika koposa, chifukwa imanena kulemera kwa chingwe choyenerana ndi ndodoyo. Muyeso umenewu udakhazikitsidwa ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo umayesa mamita 9 oyamba a chingwe. Pa nambala 3 gawo limeneli limalemera magalamu pafupifupi 6.5, pa nambala 5 magalamu 9, ndipo pa nambala 9 limapitirira pang'ono magalamu 15. Ndodo ndi chingwe ziyenera kukhala za nambala imodzi. Chingwe chopepuka sichipinda ndodo, ndipo nyambo siipita patali. Cholemera mopitirira chimaifoola.

Ndodo za nambala 3 ndi 4 ndi za timitsinje ta m'mapiri, kumene nsomba ndi zazing'ono ndipo mitengo ili pafupi. Za nambala 5 ndi 6 ndizo za ntchito zambiri: zimagwira trout m'madamu, yellowfish m'mitsinje, ndi nsomba za mtundu wa chambo ndi makumba m'maiwe. Tigerfish, imene ikhoza kupitirira makilogalamu 10 ndipo imafuna nyambo zazikulu zoponyedwa pamphepo, imayenera ndodo ya nambala 8 kapena 9, pamodzi ndi kawaya kakafupi pakati pa chingwe ndi mbedza kuti mano asadule.

Palibe ndodo imodzi yotha zonsezi. Gulu la kumapiri likagula ya mafiti 9 ya nambala 5 kapena 6 silinalakwitse. Gulu la kuchigwa cha Zambezi likagula yomweyo likhoza kuithyola pa nsomba yaikulu. Safunsa adadya phula: asanatulutse ndalama, ogula ayenera kukaona zida zimene alendo ndi eni malo ogona a m'dera lawo amagwiritsa ntchito, n'kufunsa chifukwa chake.

Zidutswa zingati?

Apa ndi pamene pagona nkhani ya ulendo. Ndodo ya mamita 2.74 ikakhala ya zidutswa ziwiri, chidutswa chilichonse chimatalika pafupifupi mamita 1.4. Imeneyi ndi yosautsa m'basi, panjinga ngakhale m'bwato. Ya zidutswa zinayi imafupika kufika masentimita pafupifupi 70, ndipo imatheka kuimangirira m'mbali mwa chikwama cha kumsana kapena kuigoneka mopingasa m'sutikesi yaikulu. Ya zidutswa 6 imakhala masentimita pafupifupi 48, ndipo ya zidutswa 7 imachepera pamenepo. Zimenezi zimalowa m'kati mwenimweni mwa chikwama, pakati pa zovala, kumene phazi la munthu kapena chitseko sizingazifike.

Kale owedza ankadana ndi ndodo za zidutswa zambiri, chifukwa polumikizira pake padali pachitsulo, polemera ndi posapindika. Masiku ano zidutswa zimangolowetsana zokha popanda chitsulo, ndipo ndodo ya zidutswa zinayi ndiyo yafala koposa. Komabe polumikizira paliponse ndi malo amene angakhwefuke, ndipo chidutswa chilichonse chowonjezera ndi chinthu chinanso chimene chingaiwalike paudzu. Ndodo yotsika mtengo ya zidutswa zambiri nthawi zina imakhala yolemerera kunsonga, n'kumatopetsa dzanja.

Kwa gulu limene limayenda maulendo aafupi, kuchoka kumudzi kupita kumtsinje, zidutswa zinayi n'zokwanira, ndipo n'zosavuta kupeza pamtengo wabwino. Zidutswa 6 kapena 7 zimapindulitsa munthu amene amakwera mabasi ataliatali, kudutsa malire a mayiko kapena kuyenda masiku angapo wapansi m'mapiri. Palinso ndodo zolowetsana ngati mlongoti wa wailesi zokhala ndi timphete todutsa chingwe. Izi zimaoneka zosavuta, koma zotsika mtengo zimakonda kukanirira mchenga ukalowa, ndipo timphete take sitichedwa kukhota.

Zopangira ndodo

Ndodo zakale zinkapangidwa ndi nsungwi zapadera za ku China, zong'ambidwa n'kumatidwa m'mbali 6. Zilipobe, koma ndi zodula ndipo zimafuna chisamaliro chachikulu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kudabwera fibreglass, ndipo m'zaka za m'ma 1970 kudabwera graphite, imene ndodo zambiri zimapangidwa nayo lero. Graphite ndi yopepuka ndipo imaponya patali, koma ikagunda mwala kapena ikakandika kwambiri imakhala ndi bala losaoneka limene limadzathyoka tsiku lina. Fibreglass ndi yolemererapo ndipo siiponya bwino pamphepo yamphamvu, koma imapirira nkhanza. Pa ndodo yaifupi ya timitsinje, yodutsa m'manja mwa ophunzira ambiri, kupirira kumeneku n'kwamtengo wapatali.

Ndodo zimasiyananso pa kapindikidwe. Zina zimapindika kunsonga kokha. Zimaponya patali koma zimafuna dzanja lozolowera. Zina zimapindika kufika pakati, ndipo wophunzira amamva m'dzanja nthawi imene chingwe chawongoka kumbuyo kwake. Za mtundu wachiwiriwu ndizo zoyenera kuyambira.

Pali njira inanso yochokera m'mapiri a ku Japan, yotchedwa tenkara, imene idayamba kufala kunja kwa dzikolo cha m'ma 2009. Ndodo yake imatalika mamita 3 mpaka 4 koma imafupika kufika pafupifupi theka la mita. Ilibe chokulungira chingwe. Chingwe chimangomangidwa kunsonga, monga momwe mwana wa kumudzi amamangira pa bango kapena nsungwi. Ndi yotsika mtengo ndi yosavuta kuphunzira, ndipo imagwira bwino ntchito pa timitsinje ta nsomba zazing'ono. Koma nsomba yaikulu ikathawa palibe chingwe chowonjezera choipatsa, ndipo wofuna ntchito yotsogolera alendo adzafunikabe kudziwa ndodo ya chokulungira.

Ndalama zipite pati?

Ndodo zapamwamba za makampani otchuka monga Sage ndi Orvis zimafika madola 1,000 a ku America. Wophunzira sazifuna. Zida zoyambira zogulitsidwa pamodzi, ndodo, chokulungira ndi chingwe, zimapezeka pakati pa madola 100 ndi 200, ndipo zimagwira nsomba zomwezo. Pamwamba pa mtengowu, gulu liwerengerenso ndalama zotumizira ndi msonkho wa pachipata.

Ngati pali ndalama yotsala, ipite ku chingwe. Chingwe chabwino chimachititsa ndodo wamba kuponya bwino, pamene chingwe chouma ndi chopotana chimalepheretsa ngakhale ndodo yodula. Choyambira chikhale choyandama. Kwa nsomba zazing'ono, chokulungira ndi nkhokwe ya chingwe chabe, ndipo chotsika mtengo n'chokwanira. Kwa tigerfish, chokulungira chiyenera kukhala ndi buleki yabwino ndi chingwe china chopyapyala cha pansi chotalika mamita oposa 100.

Ogula asakopeke ndi lonjezo lakuti ndodo ikathyoka kampani idzaikonza. Kawirikawiri lonjezolo limafuna kuti ndodo itumizidwe kunja ndipo mwini wake alipirepo kanthu, zimene kwa munthu wa ku Rumphi kapena ku Tete zingapose mtengo wa ndodoyo. Funso lothandiza ndi ili: kodi chidutswa chimodzi chikathyoka chimagulitsidwa pachokha? Ndodo zina zimabwera ndi nsonga ziwiri, ndipo popeza nsonga ndiyo imathyoka kawirikawiri, zimenezi n'zofunika kuposa dzina la kampani.

Ndodo yogwiritsidwapo kale ntchito ikhoza kukhala mwayi, makamaka yochokera kwa eni malo ogona kapena magulu a owedza. Koma iyesedwe masana, poyera. Wogula ailumikize yonse n'kuigwedeza: ikamalira kapena kugogoda polumikizira, ndiye kuti padatha. Ayang'anitsitse pakamwa pa chidutswa chilichonse ngati pali mng'alu. Adutsitse kathonje m'timphete tonse; pamene thonje lakodwa pali mpata wakuthwa umene udzadya chingwe. Pomaliza aiponye ndi chingwe cha nambala yake asanapereke ndalama.

Nyambo zokha siziyenera kugulidwa nthawi zonse. Nthenga za tambala ndi za nkhanga zoweta, ulusi wosokera ndi ubweya woluka zimapanga nyambo zogwira nsomba. Ku Kenya kumanga nyambo zotere ndi ntchito yolemba anthu ambiri, ndipo zimagulitsidwa ku Ulaya ndi ku America. Chofunika n'chakuti mbalame zakutchire zisaphedwe chifukwa cha nthenga.

Kuisunga kuti ikhalitse

Ndodo zambiri sizithyoka ndi nsomba. Zimathyoka ndi zitseko, mapazi ndi nthambi. Ngati ndodo yabwera yopanda chubu cholimba, paipi ya pulasitiki ya madzi yokhala ndi zotsekera mbali zonse imagwira ntchito yomweyo, ndipo telala wa pamsika angasoke kathumba ka nsalu ka zipinda kuti zidutswa zisakhudzane. Polumikiza, zidutswa zilowetsedwe mopotoza pang'ono mpaka timphete tilunjikane, ndipo kupaka phula la kandulo pang'ono kumathandiza kuti zisakhwefuke kapena kukanirira. Pa ola lililonse wowedza aone ngati polumikizira pali pothina, chifukwa chidutswa chokhwefuka chimang'amba chinzake. Poyenda m'tchire chigwiriro chitsogole, nsonga itsatire. Nsomba isatukulidwe m'madzi ndi ndodo, ndipo nyambo ikakodwa mumtengo, chokokedwa ndi chingwe. Ndodo iume isanalowe m'chubu, ndipo isasiyidwe m'galimoto yotsekedwa padzuwa.

Chenjezo lalikulu ndi la moyo. Graphite imadutsitsa magetsi. Kukayamba ziphaliwali, makamaka pamalo opanda mitengo ngati Nyika, ndodo igonekedwe pansi ndipo anthu achoke pamadzi. Isaponyedwenso pafupi ndi mawaya a magetsi. Wowedza ndi womuthandiza avale chipewa ndi magalasi a m'maso, chifukwa mbedza imadutsa pafupi ndi nkhope, ndipo kaminga ka mbedza kaphwanyidwe ndi pulayala kuti kasavute kuchotsa pansomba ngakhale pakhungu la munthu. Kuchigwa, kumene kuli ng'ona, mvuu ndi likodzo, kulowa m'madzi si nzeru.

Ndodo ya gulu imafuna mwini mmodzi woisunga ndi kabuku kolembamo woitenga, tsiku, ndi mmene yabwerera. Pa ndalama iliyonse yobwera chifukwa cha ndodoyo, gawo lina lisungidwe kuti lidzagule chingwe ndi nsonga. Kuphunzira kuponya sikufuna madzi: bwalo la sukulu ndi kaubweya komangirira kumapeto kwa chingwe m'malo mwa mbedza n'zokwanira.

Malamulo ndi moyo wa mtsinje

Kukhala ndi ndodo si chilolezo chowedzera paliponse. Ku Malawi za usodzi zimayendera lamulo losamalira nsomba, ndipo m'malo otetezedwa muli malamulo akeake. Ku Zambia madzi ambiri amatsekedwa kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February kuti nsomba ziswane. Ofesi ya zausodzi kapena ya zanyama zakutchire ndiyo yoyamba kufikako, ndipo ingauzenso gulu ngati nsomba zimene likuyembekezera zilimo zokwanira m'madzi a kwawo.

Alangizi ayeneranso kunena mosabisa kuti trout ndi nsomba yobwera, ndipo imadya tinsomba ndi tizirombo ta m'madzi a kuno. Ili pa mndandanda wa zamoyo 100 zowononga kwambiri zikasamutsidwira kumalo achilendo, ndipo ku Lesotho yathandizira kuchepa kwa kansomba ka Maloti minnow. Kumene ilipo kale ingabweretse ndalama, koma kuisamutsira mumtsinje wina n'kulakwa. Tsogolo lili pa nsomba za kuno: yellowfish, tigerfish, ndi mpasa, imene imakwera mitsinje monga Bua kukaswana ndipo yachepa kwambiri.

Ndodo ya nthenga siidzalowa m'malo mwa ukonde kapena mono pa nkhani ya ndiwo, ndipo si mudzi uliwonse umene uli panjira ya alendo. Kumene alendo amafika, chimene amalipira ndi madzi oyera okhala ndi nsomba zazikulu. Mtsinje wolimidwa mpaka m'mphepete, wothiridwa katupe ndi wosefedwa ndi maukonde a udzudzu sungaitane munthu, ngakhale mudzi utagula ndodo ya madola 1,000. Gulu limene lasankha bwino ndodo yake ya zidutswa zinayi, n'kuisokera thumba ndi kuidulira paipi, latha ntchito yaing'ono. Yotsala ndi ya mudzi wonse: kusiya mitengo ndi bango m'mbali mwa madzi, ndi kugwirizana ndi amfumu za maiwe amene sadzaponyedwamo ukonde.